Mkwatibwi Pakati pa Nkhosa

Ndikanama pano, mowa uwu usanduke palafini m'kamwa mwangamu! Zinachitika konkuno ku Griffith, pa ukwati wa Rosalba, mwana wa a Gaetano Bortolin olima mphesa aja.

A Gaetano anali ndi galimoto yakale ya ku Italy, yofiira psuu, ikalira nkhuku kusiya kuikira sabata yathunthu. A Desmond Pritchard, bambo a mkwati, anali ndi ya ku Mangalande, yobiriwira, m'kati matabwa ndi zikopa ngati ofesi ya jaji. Iliyonse inali ya mipando iwiri yokha. Nkhondo inali yoti mkwatibwi akwera iti.

"Asewere, yanuyo imakodza oyilo paliponse ngati kagalu," anatero a Gaetano.

"Yanuyo dzimbiri limachita kumveka likutafuna, asewere."

"Mwana ndi wanga, akwera yanga!"

Inu, tamverani. Wansembe anali atanenetsa kuti ikakwana leveni mkwatibwi kulibe, iye akupita kumaliro. A Gaetano anamanga maliboni oyera paboneti, n'kupanikiza Rosalba ndi diresi lake m'kampando kaja, uyo! A Desmond pambuyo, akupempherera tsoka.

Atangodutsa mlatho, nkhosa! Msewu wonse mbuu, mpaka kumene kumathera dziko. Tsono ya ku Italy ija inapangidwira kuuluka. Ukaiyendetsa ngati ili pamaliro imapsa mtima. Mphindi zisanu zokha, nthunzi fuu!

A Desmond anatsika, n'kutsegula chitseko chawo mwaulemu wonyoza. "Bwera mwanawe, ukwere galimoto."

A Gaetano akuonerera, Rosalba anasamukira m'galimoto ya a Desmond. Koma ya ku Mangalande inapangidwira nkhungu, osati dzuwa lathuli. Moto wa injini unkatulukira kumapazi.

"Apongozi, nsapato zanga zikusungunuka!"

"Pirira, ndiimbire nkhosazi hutala."

Kungodina hutala, nyali zinayaka, mawaipa anavina, wailesi yomwe inafa kalekale inaimba nyimbo, injini zii.

"Hahaa! Galimototu imeneyo, asewere!" anakuwa a Gaetano, misozi ili mbwee ndi kuseka.

"Ababa, kwatsala mphindi khumi," anatero Rosalba. "Inu kwatiranani ndi magalimoto anuwo."

Anakwinya diresi, n'kudumphira kumbuyo kwa njinga yamoto ya mbusa wa nkhosazo, galu wa mbusayo pamiyendo. Anafika wansembe atagwira kale makiyi otsekera tchalitchi. Ukwati unamangidwa, galu ali mboni.

Madoda awiri aja anatulukira anthu akudya keke, atakankhizana magalimoto onse awiri, masuti ali oyilo yekhayekha, atakolekerana mikono.

"Magalimoto alibe vuto," anatero a Gaetano.

"Vuto ndi dziko lino, asewere," anavomera a Desmond.

Mukuti chiyani a Trevor kumapeto kwa tebulo uko? Mipando inali iwiriiwiri, ndiye ine ndinakhala pati kuti ndimve zonsezi? Zamkutu! Nanga mukuyesa nkhosazo zinali za ndani?