Mwala wa ku Joni ndi chitseko cha apongozi

Lolemba
Wafika! Mwala wonolera wa ku Joni, andibweretsera alamu anga a Yusufu. Ndi wosalala ngati sopo watsopano. Akuti umafuna zinthu ziwiri: kuuviika m'madzi, ndi kuusunga wathyathyathya, chifukwa ukakumbika pakati mpeni wa puleni yanga yopalira matabwa umatuluka wokhota. Ndanola puleni, ndameta nayo ubweya wa pamkono, ndikuseka ndekha. Chitseko cha apongozi, chimene ndinalonjeza kuwakhomera chaka chatha, chipachikidwa Idi ya Lamulungu isanafike. Uthenga ndatumiza kudzera mwa mkazi wanga, mayi a Amina, poti ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso.

Lachiwiri
Pakamwa panga! Ndatama mwala potuluka mumzikiti. Sabata ino aliyense ali ndi mbuzi yoti azinge, ndipo mpeni wozingira suyenera kukhala wobuntha. Afika:
a Saidi oyandikana nawo nyumba, mipeni itatu
a Shehe, iwiri (a Shehe ungawakanize bwanji?)
mayi wina wa ku Chowe, sindikuwadziwa, chikwanje
Onse akunola pakati penipeni. Ine ndikuwathirira madzi, mano onse pamtunda.

Lachitatu
Mwala wakumbika ngati bwato. Palibe vuto, alamu anandiphunzitsa: jambula mizere ya pensulo pamwala, ukhule pamalo osalala mpaka mizere ithe. Malo osalala pakhomo pano ndi amodzi okha, khonde la simenti la apongozi. Apita kuchigayo. Khwee, khwee, khwee. Mizere yatha. Ndine katswiri ine.

Lachinayi
Asodzi awiri ndi wosema mabwato, wanyamula kasemasema. Mwala wakumbikanso. Apongozi apita kukaona odwala, ine pakhonde pomwepo. Chitseko sindinachikhudze, koma mawa ndiye mawa.

Lachisanu
Titaswali Juma kumzikiti, mzere wa odzanola mipeni mpaka pamtengo wa mango. Wina akuti, "Tamva kuti kuno kuli mwala wodalitsika." Ndakondwa, sindinama. Ndikumaliza kukhula dzuwa likupendeka. Mwala wapyapyala ngati bisiketi.

Loweruka
Lero ndi tsiku la chitseko. Ndaika puleni pamwala, ndakanikiza, thyo! Zidutswa ziwiri, zonse zathyathyathya bwino lomwe. Apongozi akolopa khonde pokonzekera alendo. Madzi adikha pakati, bakha akumwerapo. "Simenti ya masiku ano," akutero mayi a Amina, maso ali pa ine.

Lamulungu
Idi. Mbuzi zonse m'mudzi zazingidwa bwinobwino. Nyama ikubwera kwathu mbale ndi mbale, aliyense akuthokoza mwala. Alendo a apongozi akulowa m'nyumba mokweza mkeka umene wapachikidwa m'malo mwa chitseko. Masana mayi a Amina andibweretsera uthenga, auyankhula akuyang'ana pansi: "Amayi akuti musavutikenso ndi chitseko chija. Apeza kalipentala."
Ine ukalipentala ndaugwira kuyambira Amina asanabadwe. Ndangoti zikomo, ndapitiriza kudya nyama.