Mwala Umene Sunasunthe

Kuseri kwa mapiri amene apaulendo sawatchula kunali dziko lotchedwa Zilikotero, ndipo wolamulira wake anali Mfumu Sindikhuta, mwini nthaka ndi madambo, munthu amene mimba yake inkafika pabwalo iye akadali panjira. Anthu a dzikolo sankadziwa wotchi. Tsiku lawo linkatha mthunzi wa mtengo wa mbawa wa pabwalo lalikulu ukakhudza mwala woyera umene makolo anauika chakum'mawa kwa mtengowo. Ukangoukhudza, ng'oma inkalira, ndipo lamulo linkati kwada. Posankha phungu wopita ku Nyumba ya Malamulo, aliyense ankaponya nthanga ya dzungu mumtsuko wa munthu amene wamufuna, ndipo ng'oma ikalira mitsuko inkamatidwa ndi dothi.

Chaka chimenecho anapikisana anthu awiri. Wina anali Bambo Indebwana, mlamu wake wa mfumu, amene khosi lake silinkadziwa ntchito ina koma kugwedezera. Wina anali Mayi Sagwada, wobadwira Kutsidya, dera la anthu amene ankayenda mtunda wautali ndi kuwoloka mtsinje pa bwato limodzi lobooka kuti afike pabwalo. Patsiku la chisankho anthu a Kutsidya analawirira, nkhalamba pa ndodo, amayi ana kumbuyo. Koma atangotulukira pabwalo, dzuwa likadali paliwombo, anamva ng'oma ikulira. A Kapotoza, mkulu woyendetsa chisankho, anawauza mwaulemu wonse kuti pepani kwada, naloza mthunzi utagona pamwala. Mwalawo, abale inu, unali utadzikanikiza patsinde la mtengo ngati mwana wothawa mvula, pamene dzulo lake unali kutali.

Mayi Sagwada anapsa mtima ndipo sanabise. Za mpando sizinamuwawe kwenikweni. Chinamuwawa chinali kuona anthu akwawo akubwerera kudooko osaponya, ataweramitsa mitu ngati olakwa ndi iwo. Analumbira kuti anthu amenewo adzaponya ndithu, zivute zitani. Anaika amuna ndi akazi kuti azisinthana kukhala mozungulira mwalawo, kuopa kuti wina angaubwezere mwakachetechete, kenako anakasuma kubwalo la milandu.

Mlanduwo anauzengereza mpaka kutopetsa. Lero woweruza ali ndi chimfine, mawa mboni yapita kumaliro, mkuja mkanjo wa woweruza sunaume. Uku Bambo Indebwana anali atakhala kale m'Nyumba ya Malamulo, akugwedezera mutu pa nkhani zimene sanazimve. Mpunga wa mfumu kudambo unamera, unabereka, unayamba kucha. Pamenepo m'pamene woweruza wamkulu, a Pendapenda, munthu amene asanatsegule pakamwa ankayamba wayang'ana kunyumba ya mfumu, anabwera kudzaona malowo. Mayi Sagwada anawaonetsa dzenje limene munakhala mwalawo kuyambira kalekale. Loya wa Bambo Indebwana, wopanda manyazi, anati dzenjelo inakumba ndi nkhumba.

A Pendapenda anakonza kukhosi nagamula kuti, "Bwalo lino lapeza kuti mwala sunasunthe. Pamene ulipa m'pamene makolo anauika, ndipo mthunzi ukaukhudza, tsiku latha m'dziko lonse la Zilikotero. Wotsutsa zimenezi wanyoza bwalo."

Anthu a Kutsidya anagwira m'mutu, ena kugwetsa misozi. Koma Mayi Sagwada anaimirira, maso ali gwa, nati, "Wolemekezeka woweruza, makutu angawa ndi akumudzi. Ndikupempha mubwereze mokweza, kuti ndi amene ali kumbuyo amve, pasadzapezeke wonena kuti iye sanamve." A Pendapenda, poganiza kuti mayiyo wagonja, anabwereza chigamulocho motafuna liwu lililonse.

Posakhalitsa inakwana nthawi yokolola. Mwa mwambo wa dzikolo, munthu aliyense ankagwira thangata m'munda wa mfumu kuyambira m'mawa mpaka ng'oma italira. Mayi Sagwada anabwera ndi chikwakwa chake namweta mpunga pamodzi ndi anzake. Dzuwa litafika paliwombo, anaika chikwakwacho pansi, napita pabwalo, nalozera woimba ng'oma mthunzi utagona pamwala. Munthuyo anafuna kukana, koma mayiyo anamukumbutsa kuti kusaimba n'kunyoza bwalo. Ng'oma inalira. Dambo lonse linaweruka, ndipo kunena zoona, amene anayamba kutaya zikwakwa anali omwe aja anaponyera Bambo Indebwana. Akapitawo anakalipa mpaka mawu kusasa kuti dzuwa likadalipo, koma anthu anawayankha mwaulemu kuti iwo satsutsana ndi oweruza. Mawa lake zinali zomwezo, mkuja wake zomwezo. Mpunga unauma n'kuyamba kuyoyoka, mbalame zinaitanizana kuchokera kumaiko ena, ndipo mfumu inasiya kudya, chinthu chimene sichinamvekepo chibadwire chake.

Mapeto ake Mfumu Sindikhuta inasonkhanitsa dziko lonse pabwalo ndi kulamula kuti mwala ubwerere pamalo pake tsiku lomwelo. Mayi Sagwada anatuluka pakati pa khamu.

"Mwini dziko, tate wa fuko, inu amene mawu anu sagwa pansi," anatero, "malo akewo ndi ati? Bwalo lanu lati mwalawu sunasunthe. Ngati sunasunthe, ife tiziweruka masana mpaka mbalame zitamaliza ntchito yake. Ngati unasuntha, nenani pano ndi pakamwa panu, ndipo mitsuko imatulidwe, pakuti tsiku la chisankho lija silinathe."

Mfumu inayang'ana mlamu wake, n'kupeza akugwedezera mutu mwa chizolowezi. Inayang'ana kudambo, kumene kunali bii ndi mbalame. Kenako inanena chapansipansi kuti, "Unasuntha." Panalibe munthu wamba amene anatambasula dzanja kuti athandize, choncho a Kapotoza, Bambo Indebwana ndi a Pendapenda, mkanjo ataukwinyira m'chiuno, anaugubuduza okha mpaka unagwera m'dzenje la nkhumba lija, n'kukwanamo bwinobwino. Mfumu inapempha, mawu ali ofewa tsopano, kuti anthu ayambe amweta mpunga, zoponya zibwere pambuyo.

"Mpunga udikire, mwini dziko, monga tinadikirira ife," anayankha Mayi Sagwada. "Palibe agwire chikwakwa munthu womaliza wa Kutsidya asanaponye."

Tsiku limenelo anthu a Kutsidya anawoloka mtsinje pa mabwato a mfumu, atakhala pa zikopa za akambuku, ndipo Mfumu Sindikhuta inaima yokha padooko, thukuta lili kamukamu, ikugwira nkhalamba dzanja ndi kuzidandaulira kuti zifulumire kukaponya.