Ndinafinya Lipoti ndi Chomasulira Chomwe

Pali mavuto ena oti ukamawafotokoza anthu amagwira chibwano nkumati pepani. Anga awa ayi. Aliyense amene ndinamusimbirapo anaseka mpaka kupukuta misozi, moti ndinaleka kuyembekeza chifundo. Inunso sekani, ine ndinatopa nazo kalekale.

Chinali chaka cha njala ija anthu ankaphika mango osakhwima nkumati tadya. Ine ndinali nditangolembedwa ntchito yoyeserera pa kabungwe kena ku Liwonde, koona za ulimi m'midzi ya Machinga ndi Balaka. Malipiro ake sindiwatchula, mungandinyoze. Chimene chinkatisunga ndi thumba la chimanga lomwe wantchito aliyense ankalandira pakutha pa mwezi. Kwathu thumba limenelo linkadyetsa ine, mkazi wanga mayi a Tamanda, Tamandayo, ndi apongozi anga amene anabwera kudzaona mwana nkuiwala njira yobwerera kwawo. (Sindikuwanena. Kwawoko kunalibe choti abwerere.)

Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa cha satifiketi ya kompyuta, ndipo ndinkayenda nayo ngati ndine ndinapanga kompyutayo. Ya pa ofesi yathu inali yakale, yolira ngati chigayo ikamayaka. Amene anaikonza nkuikamo zonse anali a Mulepa, bambo wa ku Nkaya yemwe ankabwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina anafuna kundilangiza za kapulogalamu kena kofinyira mafayilo, ine ndinawadula pakamwa kuti zimenezo tinaphunzira. Kunena zoona, tsiku limene ankaphunzitsa zimenezo ndinali ku maliro.

Bwana wathu anali Che Matiki, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula. Mmawa wina anandiitana.

"Achimwene, mawa kukubwera alendo akunja. Tikakumana nawo kwa Kalembo. Akakhutira ndi lipoti lathu, bungwe lipitirira. Akapanda kukhutira, tonse tikagwire ganyu. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Pulinta yathu yafa. Anzathu aku Balaka ali nayo yamitundu. Tengani lipoti lonse ndi zithunzi zomwe, mukasindikize kumeneko. Mukwanitsa?"

"Nkhani yaing'ono imeneyo."

Lipotilo linali lalikulu chifukwa cha zithunzi za minda yofota ndi nkhokwe zopanda kanthu. Disiketi, kambale kakuda kaja tinkanyamulira mafayilo, inalikana. Apa ndipo ndinakumbukira kapulogalamu ka a Mulepa. Ntchito yake inali kupanikiza mafayilo ambiri kuti akhale kamtolo kamodzi kakang'ono, monga amapondera thonje m'chiguduli, ndipo ukafika komwe ukupita umagwiritsa kapulogalamu komweko kumasula mtolowo.

Ndinakatsegula. Galasi lonse linasanduka labuluu, pakati pali menyu, iwe nkumangoyendetsa kamzere kowala ndi mabatani a mivi. Poyamba panali kufinya. Pachiwiri panali kufinya nkuchotseratu zimene wafinyazo pa kompyuta. Kumunsi kunali kumasula, kuona zamkati, ndi kutuluka. Ngakhale mwana wa sitandade fayifi akanatha.

Tsono kompyuta yathu inkadandaula tsiku ndi tsiku kuti yadzaza. Nditaona kusankha kwachiwiri kuja, nzeru zinandibwerera, za mtundu uja zimabwera munthu usanadye. Ndinati ndikafinya nkuchotseratu, lipoti lipita ku Balaka, kompyutanso ipuma, bwana andiyamika pawiri. Itandifunsa kuti ndifinye mafayilo ati, ndinaona kuti kusankha imodziimodzi nkuchedwa, ndiye ndinalemba nyenyezi, kadontho, nyenyezi, kutanthauza zonse zimene zinali m'chikwatu chimenecho. Mayina anathamanga pagalasi. Mtolo unakwana bwinobwino mu disiketi imodzi. Ndinasankha kutuluka, nkuzimitsa kompyuta, nkuivundikira ndi kansalu kake mwaulemu.

Pa minibasi yopita ku Balaka ndinakhala nditagwira thumba la malaya momwe munali disiketi. Mnzanga wa pampando anandifunsa ngati mtima ukundipweteka.

Ku ofesi ya anzathuwo ndinalandiridwa ndi mayi wina wa mataipi, wovala magalasi a chingwe. Ndinalowetsa disiketi, mtolo wanga nkuoneka uli phee. Ndinayamba kufunafuna kapulogalamu kabuluu kaja pa kompyuta yawo. Kunalibe.

"Mayi, chomasulira chanu chili pati?"

"Chomasulira chiyani?"

"Mafayilo ofinya."

"Iyayi, ife sitifinya kuno. Timangotaipa. Simunabwere nacho chanu?"

Ndinaseka kaseko ka munthu wodziwa zinthu, nkuwauza kuti ndingobwerera ku Liwonde ndikachitenge. (Ndinkaganiza kuti vuto langa lonse ndi ulendo wachiwiri wa minibasi. Ndinali ndikadali munthu wosangalala.)

Ndinafika ku Liwonde dzuwa lili paliwombo, m'mimba muli tiyi wopanda shuga wa mmawa uja. Ndinavundukula kompyuta, nkuiyatsa, nkulemba dzina la kapulogalamu. Inandiyankha kuti sikudziwa chinthu chotero. Ndinalembanso, ndi zilembo zazikulu, kuti mwina sinamve. Yankho lomwelo. Nditasuzumira m'chikwatu chija ndinapeza muli mbee, ngati nkhokwe za pazithunzi zija.

A Mulepa ankasunga kapulogalamuko m'chikwatu chomwecho cha malipoti. Nyenyezi zanga zija zinakokolola zonse: lipoti, zithunzi, ndi chomasulira chomwe. Zonse zinali mumtolo, mtolo uli m'disiketi, disiketi ili m'thumba langa la malaya. Ndinali nditakhoma nyumba, kiyi ali mkati, ndipo kiyi wapadera nayenso ali mkati momwemo. Akuluakulu sananame, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Che Matiki anandipeza ndikuyang'anizana ndi galasi lakuda.

"Mwasindikiza?"

"Bwana, pali kavuto pang'ono."

Ndinafotokoza. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkuvula kofia yawo, nkuiyang'ana mkati ngati yankho lili mmenemo.

"Ndiye kuti lipoti lilipo?"

"Lilipo, bwana."

"Koma kulibe."

"Eya, bwana."

"Subuhana Llah. Achimwene, ine sukulu ya makompyuta sindinapite. Chomwe ndikudziwa nchakuti mawa alendo akapeza manja athu ali lende, thumba lanu la mwezi uno mukalifunse kwa kompyutayo. Tengani njinga ya ofesi. Mukawapeze a Mulepa."

Mantha enieni anandigwira apa. M'maganizo ndinaona nkhope ya mayi a Tamanda, ndinaona apongozi anga, ndipo ndinapalasa njinga ngati ndikuthawa ngozi.

Njira ya ku Nkaya ndinatsata njanji, poti ndiyo sisocheretsa. Mvula inali itagwa dzulo lake, yochedwa, yosathandiza chimanga koma yokwanira kupanga matope. Ndisanafike ndi pakati pomwe, tayala lakumbuyo linaphwa. Kuyambira pamenepo njinga ndiyo inakwera ine m'malo moterera, ndipo m'malo ouma tinkayenda limodzi ngati anthu okwiyirana. Anthu amene ndinkakumana nawo anali ndi timatumba topanda kanthu pamutu, akupita kokasuma. Mayi wina anayang'ana tayi yanga nkufunsa ngati ndikulemba mayina a olandira chimanga. Nditati iyayi, sanandiyang'anenso kachiwiri.

Ku Nkaya ndinafika dzuwa litapendeka. Nyumba ya a Mulepa ndinaipeza, koma eni ake ayi. Akazi awo anali pakhonde akupeta madeya.

"Abambo anakwera sitima ya ku Nayuchi. Akuti ku Mozambiki kwa abale awo chimanga chikupezeka."

"Abwera liti?"

"Akachipeza."

Ndinawachonderera kuti andionetse madisiketi a amuna awo. Anatulutsa kachitini ka mabisiketi kodzaza madisiketi, onse akuda, onse ofanana, opanda cholembedwa chilichonse.

"Eni ake amawadziwa ndi maso," anatero mayiwo. "Koma musatenge onse, angandikalipire. Sankhani imodzi."

Sankhani imodzi! Ndinaitembenuza iliyonse, ina ndinainunkhiza (musandifunse chifukwa), mpaka ndinatenga imene inkaoneka yotopa kwambiri, poganiza kuti yogwira ntchito kawirikawiri ndiyo imeneyo. Mayiwo anandipatsa madzi akumwa nkupepesa kuti china choti andipatse panalibe. Ndinawamvetsa. Za mmene ndinagonera pabenchi ya pasiteshoni, nditakumbatira njinga yakuphwa, tisakambe.

Kutacha ndinakwera lole ya makala mpaka ku Balaka, ine pamwamba pa matumba, njinga pamwamba pa ine. Mayi wa magalasi uja atandiona anabwerera m'mbuyo pang'ono asanandizindikire. Tinalowetsa disiketi ya a Mulepa. Ndikuuzeni, mwayi ndinali nawo: chomasulira chinalimo, dzina lake lomwe lija. Kungoti a Mulepa, pofuna kusunga malo, anali atachifinya nachonso.

Sindinalire. Ndinangokhala pansi, pasimenti, nkufunsa mayiwo ngati ali ndi kanthu kalikonse kotafuna. Anandipatsa theka la chinangwa chawo.

Kwa Kalembo ndinafika alendo atakhala kale pansi pa mtengo, azungu awiri ndi womasulira wawo, anthu a m'mudzi atazungulira. Ndinatulukira ndikukankha njinga, thupi lonse makala ndi matope, maso atalowa mkati, tayi ikadali pakhosi. Lamba ndinali nditamubowola bowo latsopano ndi msomali ku Nkaya. Che Matiki anandiyang'ana manja, nkuona kuti mulibe pepala ngakhale limodzi. Ndinadziwa kuti thumba lapita.

Anaimirira pang'onopang'ono, nkundikodola kuti ndibwere kutsogolo.

"Alendo athu, lipoti lachedwa. Koma taonani munthu uyu. Uyu ndi wantchito wathu wa muofesi, wophunzira, wa satifiketi. Amalandira thumba mwezi ndi mwezi." Anadikira womasulira amalize. "Tsono ngati wolandira thumba akuoneka chonchi, osalandira akuoneka bwanji?"

Mzungu wamkazi anagwira pakamwa. Mnzakeyo anatulutsa kamera nkuyamba kundijambula, kutsogolo, m'mbali, mpaka nsapato. Ndinafuna kufotokoza kuti zina mwa zimenezi ndi makala chabe, koma Che Matiki anandiponda chala. Anthu a m'mudzi, omwe njala yawo inali yeniyeni kuposa yanga, ankandiyang'ana mwachisoni, ndipo gogo wina anati, "Mwana wa eni, amudyetse kaye." Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso m'moyo mwanga.

Alendo anapita kukaona nkhokwe ndi maso awo, ndipo bungwe linapitirira. Pobwerera, m'galimoto, Che Matiki anangonena mawu ochepa.

"Thumba mulandira, Inshaalla. Koma kompyuta musaikhudzenso. Kuyambira mawa muzikathandiza kosungira katundu."

Mukafunsa chimene ndinaphunzirapo, ndinganene kuti munthu uzifunsa usanadine batani, koma ndiname bwanji, mpaka lero malangizo ndimawerenga zinthu zikavuta. Chimene chinandikhala ndi cha madzulo amenewo. Ndinafika kunyumba nditatheratu, nkuwakhuthulira mayi a Tamanda zonse: kuti andichotsa pa kompyuta, kuti andiimika pagulu ngati mbuzi ya pamsika, kuti chithunzi changa chikupita kunja monga nkhope ya njala, ine munthu wa satifiketi. Anamvetsera akuchotsa matope pa tayi yanga ndi chikhadabo.

"Nanga thumba?"

"Thumba lilipo."

"Ndiye musasambe, bambo a Tamanda. Mwina mawa abweranso ena."