Nkhulungo ya Apongozi

Mpaka lero ndikaona simenti yaiwisi thupi limandiyabwa. Si matenda ayi, ndi manyazi.

Inali nthawi ya Chitaganya, nditangolembedwa ntchito pa kampani ina yokumba mijigo ku Makata. Ntchito yanga inali kutsuka mapaipi ndi kupaka girisi, basi. Koma ku Chirimba, kumene ndinatomera mtsikana dzina lake Esinati, ndinali nditanena kuti ndine injiniya (musandiyang'ane choncho, nanunso munanamapo pofunsira). Ankhoswe anali atakumana kale, kunangotsala kuti mayi ake akhutire kuti mwana wawo akupita kwa munthu wa mutu wogwira.

Tsoka sasimba, kampani inatituma kukakumba mjigo ku Chirimba komweko, kuseri kwa nyumba ya apongoziwo.

Bwana wathu anali mzungu wa ndevu zofiira amene kale ankakumba zitsime za mafuta ku Arabiya, ndipo zida zina anabwera nazo kuchokera komweko. China chinali chitsulo chomangirira kunsonga kwa paipi yoyamba kulowa pansi, ife timachitchula nsapato. Dzenje litatha kukumbidwa, anandiuza kuti nditsuke nsapatoyo, mawa tikutsitsa mapaipi.

Poinyamula ndinamva gobede gobede m'kati. Kusuzumira, muli kampira kakuda, kolemera, kosalala ngati dzira. Ndinati azunguwa nawonso ndi osasamala, kuiwala zinyalala m'chitsulo chatsopano. Ndinamasula kotchingira n'kukatulutsa. Pomwepo ndinakumbukira kuti Esinati ankadandaula zoti nkhulungo ya mayi ake, mwala uja amasalazira pansi akazira nyumba, inasowa. Mtima unati mwayi ndi uwu.

"Ukawapatse mayi," ndinamuuza madzulo ake. "Unene kuti yachokera ku Mangalande."

M'mawa mwake tili mu lole, a Jafali, dalaivala wathu wa ku Limbe, anandifunsa, "Achimwene, mpira wa mu nsapato uja mwaupukuta bwino? Bwana amaukonda kuposa mkazi wake."

"Umagwira ntchito yanji?" ndinafunsa ngati ndikungocheza.

"Ndiye chitseko chaketu. Potsitsa mapaipi umatseka kunsi, mapaipi n'kumatsika moyandama, osalemera. Tikapopa simenti umatsegula, simenti ituluke kunsi izikwera kunja kwa paipi. Tikaleka kupopa umatsekanso kuti isabwerere. Popanda umenewo, zonse zimabwerera kumene zachokera."

Munthu wanzeru akanaulula pomwepo, koma injiniya angaulule bwanji? Titangofika ndinati ndikataye madzi, n'kuthamangira kwa Esinati. Iye kunalibe, anali atapita kumtsinje. Pakhonde panali apongozi okha, atagwada, akukhulunga pansi ndi mpira wa bwana, uku akuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Achinyamata a lero simungamvetse. Masiku amenewo mkamwini ndi apongozi aakazi sankalankhulana, ngakhale kuyang'anana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Nanga ine ndikanayamba bwanji kuti mayi, bwezani mphatso? Ndinaima kuseri kwa nthochi n'kutsokomola. Anadzutsa mutu, anandiona, ndipo mwaulemu wonse anadziphimba kumaso n'kuthawira m'nyumba, nkhulungo ili m'manja. Ndinatsokomolanso. Anatseka chitseko. Ndinatsokomola mpaka kukhosi kunauma, ndipo chimene chinatuluka ndi galu.

Pobwerera ndinapeza nsapato italowa kale m'dzenje. Mapaipi ankatsika msanga kuposa masiku onse, bwana n'kukwinya nkhope. Ine ndinayamba kupemphera kuti mwina a Jafali amangokokomeza.

Pofika masana mudzi wonse unali pamenepo, amayi atabweretseratu ndowa. Ine ndinali nditavala malaya oyera, ndikuloza uku ndi uku ngati ndikulamula (amene ndinkawalozawo sankandiona n'komwe). Patali, pansi pa mtengo wa mango, apongozi anakhala chammbali monga mwa mwambo. Simenti inapopedwa, madzi pambuyo pake, pampu n'kuzimitsidwa.

"Iwe, masula pamwamba!" anatero bwana m'Chinyanja chake chapamphuno.

Ndinapita ngati mbuzi yokokedwa. Nditangopotokola kawiri, chivindikiro chinauluka. Anayamba ndi madzi, phwaa, kumaso. Kenako simenti yeniyeniyo, yonse imene tinapopa, kubwerera kumene inachokera monga ananenera a Jafali. Inandilowa m'mphuno, m'makutu, m'thumba la malaya. Nditatsegula diso limodzi ndinaona apongozi, amene sanayang'anepo nkhope yanga chiyambire, akundiyang'anitsitsa, koma nkhopeyo panalibe.

"Mpira uli kuti? Mpira!" bwana anakuwa, ndevu zikunjenjemera.

Kenako mayi wina woyandikana nawo nyumba anayankha mokoma mtima, "Kapena akunena uja a injiniya anapatsa make Esinati? Wa ku Mangalande uja?"

Ndikanakonda dzenjelo likanakhala lalikulu, ndilowemo. Apongozi ananyamuka kupita kunyumba, ndipo posakhalitsa mayi woyandikana nawo uja anabwera atanyamula mpirawo m'mbale yovindikira, kudzagwada pamaso pa bwana. Unali ndi dothi lozirira. Bwana anauyang'ana, anandiyang'ana, n'kuuponyera kutchire. Pampu nayo inali itatsamwa, simenti inaumira m'paipi, mjigo n'kufa usanabadwe. Ntchito yanga inathera pomwepo.

Ndinadziwa kuti Esinati wandipulumuka. Koma mawu amene ankhoswe anabwera nawo anali akuti, "Mayi akuti sakulandani mwana wawo. Akuti madzi amene akamwini atseka, azitunga okha."

Ndiye mpaka kampani inadzakumba dzenje lina mvula itatha, injiniya ankalawirira kumtsinje ndi madebe awiri pamtengo, pamzere umodzi ndi amayi, iwo akundifunsa ngati ku Mangalande kukugwa mvula.

Chiyambire pamenepo chinthu chikamalira gobede gobede m'kati, ndimachisiya chilire. Koma mpira uja apongozi anakautola kutchire kuja, ndipo anakhulungira mpaka ukalamba wawo. Mlendo aliyense akayamikira kusalala kwa pansi, ankayankha mokweza kuti ndimve ndili kuseri, "N'zipangizo za akamwini anga, a injiniya."