Madzi a m'Chigwembe Chofiira

Lolemba

A Fuledi andiseka. Mkamwini wanga, mphunzitsi, pakhonde langa lomwe! Akundionetsa pafoni dziko lina la kumwamba, ati Marsi: dothi la katondo, miyala mbwee, mtengo olo umodzi. Ati azungu atumizako chigalimoto chopanda dalaivala, chikuboola miyala kufufuza ngati kunali madzi. Ine ndikuti, "Ichitu ndi chigwembe cha kumtunda kwa dimba lathu." Iwo kikiki: "Bambo, izi n'za ophunzira." Ophunzira! Ine amene ndinamera imvi pansi pa nthaka ku Joni, zilembo n'kudziphunzira ndekha pakomponi? Ndalumbira pamaso pa mwana wanga: Lamulungu lisanafike, chigwembe chimenecho chitulutsa madzi.

Lachiwiri

Zida: mgwala wachitsulo wofukulira miyala, nyundo, piki, chisoti changa cha kumgodi. M'chisotimo nkhuku yaikiramo mazira. Ndaisamutsa, yandijompha. Mayi akunyumba, a Nangozo: "Nanga bondo lija mulisiyira ndani?"

Ndikugogoda miyala monga tinkachitira kumgodi. Mwala wolimba umalira ngwee, wokhala ndi mphako pansi umati bu. Lero yonse ngwee. Koma nsangalabwi zosalala zilipo, ndipo mwala susalala wokha, amausalaza ndi madzi. Chigalimoto cha azungu chikudziwa zimenezi?

Lachitatu

Bu! Mwala waphanthiphanthi, m'mbali mwa chigwembe. Ndaugogodanso. Bu! Ndikukumba chapafupi. Pamwamba katondo, kenako mchenga, kenako dothi lofewa ngati linakumbidwapo kale. Chizindikiro chabwino. A Nangozo abwera ndi tiyi ndi kachewere wowiritsa, akhala pachulu, akungondiyang'ana. "Muzipumako, bambo."

Lachinayi

MADZI! Piki kamodzi, phwii, mpaka kumaso! Ozizira, oyera, amphamvu ngati a pampopi ku Boma. Ndavina ngoma ndekha m'dzenje, bondo kuiwala. Anthu adzaza chigwembe. A Fuledi afika ndi choko m'manja, avula kapusi: "Bambo, ndagonja." Ndawakhululukira pagulu, ine si munthu wosunga mangawa. A Nangozo okha sakusangalala. Ati, "Madzi a pansi amatuluka akuimba mluzu?" Nsanje.

Lachisanu

Kwabwera a Namaseko, eni dimba la kumunsi, chitenje chomangira m'chiuno. Kabichi wawo wokagulitsa kumsika wa Lizulu wafota, madzi sakufika. Apisa dzanja m'thope langa, atulutsa paipi yakuda, yong'ambika. Ati ana awo anaikwirira kuchokera kumtsinje kuopa ng'ombe, mwala uja n'kuikapo ngati chizindikiro. "Agogo, ku Joni munkakumba golide kapena mapaipi a eni?"

Mwalawo sunaname. Mphako inalipodi.

Loweruka

Ndikumanga paipi ndi mphira wa njinga. Wandithawa. Wachiwiri wandikwapula pamphuno. A Fuledi agwada nane m'thope, buluku la kusukulu lomwelo, osaseka ngakhale pang'ono. Mwana wabwino, kungoti pakamwa. Madzi abwerera kwa a Namaseko, ena akudonthabe. Ndalonjeza kuwapalira mizere ya kabichi. Kuchigayo ayamba kunditchula a Marsi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindikupita, bondo latupa ngati dzungu. A Nangozo akulithowa ndi madzi otentha, mapewa akugwedezeka. Ati ndi chifuwa. Chifuwa chanji chotulutsa misozi?

Ndinati chigwembe chitulutsa madzi, ndipo chinatulutsa. Za mwini madziwo sitinapangane. Komabe mgwala ndaubweza kuseri kwa nkhokwe. Azungu apitirize okha kumwambako, koma ayambe afunsa ngati wina sanakwirireko paipi.

Dzenje likadali yasa, m'njira ya ng'ombe. A Fuledi, Marsi munabwera naye pakhonde pano ndinu. Fosholo ili pakhomo. Mawa musanapite kusukulu, kakwirireni!