Kabedi ka Tiya

Lolemba

Tiya watembenuka! Miyezi inayi yokha.

Masana ano, pa bedi lathu. Ndikulowa kudzatenga chipewa, ndikupeza mwana ali chafufumimba, mphuno m'bulangeti. Wokulungidwa m'chitenje ndi shawelo ngati mtolo wa fodya, manja onse m'kati. Sangadzikankhe. Kamawu kokha, mmm, mmm. Ndamunyamula. Ali bwino, akundiyang'ana ngati ndamusokoneza pa ntchito.

Tathamangira ku kiliniki pa njinga, ine ndi amake. Anamwino akuti ndilembe. Ndalemba:
1. Mwana akayamba kutembenuka, zomukulunga zatha. Manja panja.
2. Kumugoneka chagada nthawi zonse.
3. Pogona payekha, polimba, pafupi ndi ife.
4. M'kati musakhale pilo, chidole kapena mabulangeti.
5. Mipata ya m'mbali ikhale yaing'ono, mutu usalowe.
6. Neti ya udzudzu.

Pulani: Lachitatu kabedi katha. Lachisanu Tiya azigona yekha. Ntchito yochepa iyi.

Vuto limodzi. Wokulunga mwana ndi apongozi, agogo ake. Ine ndine mkamwini pamudzi pano. Zaka ziwiri sindinayankhulepo nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira ndimalowa m'tchire, ngakhale muli chitedze.

Lachiwiri

Ku Sinda m'mamawa. Mapulanga asanu, misomali, sandipepa. Kuzizira kwa Juni zala sizikugwira mabuleki.

Ndikupala thabwa lililonse kawiri. Ndikulipititsa pa tsaya langa, likandibaya ndikupalanso.

Ndatuma amake Tiya kwa amayi awo ndi mawu a nambala 1. Yankho labwera msanga: "Ana asanu ndi awiri ndinalera, onse okulunga. Uyu yekha agone manja panja ngati woledzera?"

Amake Tiya akuti asatumidwenso. Akuti iwo ali pakati ngati chitseko.

Lero mwana ndamumasula katatu. Katatu wakulungidwanso. Palibe amene waona mnzake akuchita.

Lachitatu

Katha! Kolimba. Ndakwerapo ndekha, sikanalire.

Sikakulowa pakhomo.

Ndinayeza mwana, ndinayeza pambali pa bedi lathu, khomo sindinayeze. Ndazula chitseko pamodzi ndi felemu. Kalowa. Chitseko tsopano sichikutsekeka bwino, tikuchigwiriza ndi mtondo.

Apongozi akuyankhula ndi mwana wawo kuseri kwa nkhokwe, mokweza kuti ndimve: "Kodi bambowo ayamba kuweta nkhunda?"

Matilesi. Anamwino anati akwane ndendende, pasatsale mpata m'mbali. Aang'ono otero ku Sinda sindinawaone. Ndadula athu, cha kumiyendo, ndi mpeni wa kukhitchini. Akwana bwino kwambiri! Ndakutira ndi nsalu, ndakoka mpaka gwa.

Amake Tiya aima, ayang'ana bedi lathu nthawi yaitali. "Nanga inu miyendo muziika kuti?"

Sindinaganize.

Lachinayi

Kuyesa koyamba. Tiya wayamwa, wagona m'manja mwa amake. Manja panja. Ndikumulandira. Ndikumutsitsa pang'onopang'ono: matako kaye, kenako msana, mutu pomaliza. Dzanja langa pachifuwa chake. Ndikuwerenga mpaka makumi awiri. Ndikuchotsa.

Manja ake mmwamba, phaa! Wadzimenya yekha pamphuno. Kulira.

Kachiwiri: chimodzimodzi.
Kachitatu: tambala walira.
Kachinayi: bondo langa lalira poimirira.
Kachisanu: wagona! Ndaika madzi pamoto. Asanawire, wadzuka.

Manja akewa sakuwadziwa kuti ndi ake. Akuwayang'ana ngati alendo.

Ndapita kukapuntha soya. Pobwera ndikupeza m'kabedi muli:
pilo mmodzi,
mabulangeti awiri,
shawelo ya ubatizo,
chidole cha nsanza chokhala ndi maso a mabatani.

Mphatso za agogo. Akuti munali mopanda kanthu ngati m'ndende.

Amake Tiya: "Chotsani nokha. Amayi ndi anga, koma kabedi ndi kanu."

Ndachotsa. Ndapinda bwinobwino, ndaika m'sutikesi. Chidole chija asoka ndi manja, usiku umodzi, maso awo osaona bwino aja. Ndachikhazika pawindo kuti chizimuyang'ana Tiya chili patali.

Lachisanu

Lero ndiye tsiku la pulani.

Amake ali kumjigo. Ine pakhonde, ndikukhoma mpini wa khasu. Apongozi ali m'nyumba ndi mwana, ndiye ine sindingalowe. M'nyumba muli zii. Zii wambiri.

Ndasuzumira pawindo. Tiya ali m'kabedi, inde. Koma wokulungidwa mpaka m'khosi. Apongozi apereka msana, akupinda matewera. Ndikuona kamtolo kakupendekeka. Kakupendekeka. Gubudu, nkhope pansi.

Sindinaodire. Sindinagwade. Ndadutsa pafupi penipeni, phewa langa lakhudza lawo. Ndamutembenuza mwana, ndamasula chitenje, zala zikukanika mfundo.

Ndipo ndayankhula. Mawu anga oyamba kwa apongozi chikwatire: "Onani!"

Amenewo basi. Mokuwa.

Aona. Anaona zonse, nkhope ili pansi ndi timapewa tikulimbana m'nsalu. Agwira pakamwa. Atuluka osavala patapata.

Tiya akuseka. Wagwira mphuno yanga.

Patapata akadali pakhomo. Sindikudziwa ngati ndikapereke kapena ndiwasiye.

Loweruka

M'mawa wonse apongozi sanaoneke pabwalo. Amake Tiya akusesa malo amodzi kawirikawiri.

Mkamwini wokalipira apongozi m'nyumba. Kwathu ku Vubwi akamva, amalume adzagwira kumutu. Ngati andithamangitsa, zonyamula:
njinga,
sowo ndi hamala,
mathalauza awiri.
Kabedi ndisiya. Ndi ka Tiya.

Ndikanatha kunena bwino. Koma kunena ndikananenabe.

Dzuwa litapendeka apongozi abwera. Akhala pakhonde, msana kwa ine, Tiya pamiyendo. Ine ndili pansi pa mango, ndikukonza tcheni cha njinga chosawonongeka.

"Iwe Tiya, uwauze atate ako kuti ndaona."

Tcheni chagwa.

"Uwauzenso kuti ana anga aja sankatembenuka msanga chonchi. Uyu watengera kwawo, anthu osakhazikika."

Ndayankha ndikuyang'ana pansi. "Tiya, uwauze agogo kuti ndinalakwa kukuwa."

"Uwauze kuti akanapanda kukuwa ndikanawayesa chitsiru. Koma mwana amazizidwa. Zimenezo anamwino awo anena chiyani?"

"Uwauze kuti juzi ndi sokosi zilibe mlandu. Bola zomukwana, manja azituluka."

"Nanga chipewa?"

"Pogona ayi."

"Hm."

Tiya nthawi yonseyi akuyamwa chala chakuphazi. Uthenga wonse wadutsa mwa iye, sanataye ndi umodzi womwe.

Apongozi atulutsa juzi lakale la malemu apongozi aamuna, labulawuni, lomwe amasunga pansi pa pilo wawo. Apempha sizasi. Amake Tiya alowa m'khitchini, akuti utsi wawalowa m'maso. Moto unali usanayatsidwe.

Lamulungu

Onse apita ku tchalitchi. Ine ndatsala ndi mwana, chifukwa wagona ndipo palibe wolimba mtima kumudzutsa.

Mmene zinthu zilili:
Chitseko sichitsekeka.
Miyendo yanga imagona pa mpando.
Soya theka sanapunthidwe.
Tiya sagona yekha. Ngakhale pang'ono.

Wavala kajuzi kabulawuni. Dzanja limodzi la kajuziko lalitali kuposa linzake, apinda. Akuoneka ngati kamdala kogulitsa fodya pa msika. Palibe wamukulunga kuyambira Lachisanu.

M'mawa uno watembenuka m'kabedi ndikuona. Koma waponda ndi manja onse awiri, wadzutsa mutu, wayang'ana uku ndi uku ngati mwini munda. Ndamubwezera chagada. Wakwiya.

Kugona amagona m'kabedi, chagada, mopanda kanthu, monga ananenera. Koma pokhapokha atagwira chala changa. Ndikhale pansi, ndilowetse chala pakati pa timatabwa, achigwire. Ndikachisolola, maso tseguu. Cha amake akukana. Cha agogo akukana, ndipo agogo akuti ndimuuze Tiya kuti alibe ulemu.

Anamwino za chala sananene. Mawa ndikafunsa kuti zimatha liti.

Ndikulemba ndi dzanja limodzi, kope pabondo. Tiyi wazizira patebulo, sindingamufikire. Kachifuwa kakukwera, kakutsika. Kakukwera, kakutsika.

Chala chachita dzanzi. Chikhale momwemo.