Pakamwa panga pa maliro a ku Oakville

Mpaka lero ndikamadutsa ku Oakville ndimatsitsira chipewa kumaso. Sindinabe kanthu ayi, ndi pakamwa pangapa.

Ndinkafuna kukwatira, koma amalume anga ali ku Ntcheu ndipo viza inawakanika. Ndiye ndinayamba kunyengerera bambo Tembo, mkulu wa ku Chipata amene tonse timamupatsa ulemu kuno, kuti adzandiimire ngati nkhoswe. Polowera panali pamodzi: bambowa amafera masewero a pa TV a ku Mangalande, aja a mabwana okhala m'nyumba zazikulu ngati sekondale, olankhula ngati m'kamwa muli mbatata yotentha. Loweruka lililonse tinkasonkhana kwawo, kuonera gawo limodzi, kenako n'kulisenda bwinobwino. Ine ndinadzipatsa udindo wa katswiri (munthu woti ku Mangalandeko ndinangosintha ndege).

Sabata ya gawo lomaliza ndinasiya kutsegula mauthenga a pa gulu lathu la pa foni, chifukwa muli anthu okonda kuulula mathero. Koma mtima unandikanika, ndinasuzumira ndekha pa intaneti n'kupeza kuti nkhalamba ya m'seweromo, mwini nyumba, imwalira. Ulendo wonse kuchokera ku Etobicoke ndinkanola mfundo zanga m'galimoto.

Ndinafika mochedwa. Pakhomo nsapato mulu, mipando aikankhira kukhoma, azimayi akhala pansi atafunda zitenje, TV yozima. Mwana aliyense wokulira ku Ntcheu akanazindikira msanga. Ine ndinati basi, aonera kale, zawakhudza.

Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake: "Akuti anangogwa pampando akumwa tiyi, konko ku Mangalande."

"Ameneyo wachedwa!" ndinatero mokweza, ndikuvula jekete. "Amayenera kufa kalekale. Munthu wanji ntchito kukhosomola ndi kukalipira anthu? Watibowa mokwanira."

Onse anatembenuka kundiyang'ana. Ndinayesa akugoma ndi nzeru zanga, ndiye ndinawonjezera.

"Mkazi wakeyonso misozi yake ndi yabodza. Aliyense akuona kuti maso ali pa nyumba."

Mayi Tembo anabuma kulira. Bambo Tembo anandigwira pamkono n'kundikokera ku galaja.

"Iwe, sunachekinge mameseji? Alamu anga, achimwene awo a amayi, amwalira ku Leeds lero kuseni."

Manyazi amene ndinachita, ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowe. Ndinagwada pomwepo.

"Pepani bambo, ine ndimanena nkhalamba ya m'sewero ija."

Anayang'ana kuchitseko n'kutsitsa mawu. "Kukamba zoona, alamu anga anali obowa. Za mkaziyo nazonso walasa. Manje vuto, wakamba pamaso pa amayi."

"Nanga za unkhoswe zija, bambo?" (Inde, ndinafunsa. Pamaliro. Ndili chogwada.)

"Nkhoswe imakamba m'malo mwa munthu kuti asalakwitse. Iwe ufunika zitatu, ndipo ine sindilipo."

Mayi Tembo sanathere pomwepo. Nkhani anaifikitsa okha kwa apongozi anga ku Markham, yathunthu, yothira ndi mchere. Chinkhoswe chinachitika ndithu, amalume akulankhula pa foni yotsamiritsa ku botolo la sobo, mawu akudukaduka. Pamene ankandiyamikira kuti ndine mwana wofatsa, wodziwa kusunga pakamwa, netiweki inagwira bwino kwambiri, ndipo akuchikazi onse anaseka mpaka kupukuta misozi.

Masewerowo ndimaonerabe, ndipo ndimawasendabe. Kungoti masiku ano ndikamva kuti wina wamwalira, ndimayamba ndafunsa ngati ndi wathu kapena wa pa TV.